Chojambulira Chikazima: Mkangano wa ku London ndi wa ku Blantyre

Pa ntchito ya utolankhani pali kanthawi kena kamene aliyense wogwira ntchitoyi amakadziwa, ngakhale kuti m'kalasi sikakambidwa mokwanira. Mafunso atha, mtolankhani wadina batani, kanyali kofiira ka pa chojambulira mawu kazima. Bwana uja, amene kwa theka la ola anakhala chowongoka pampando, akusankha mawu a Chingerezi ngati mayi wosankha nyemba palichero, tsopano watsamira, wamasula tayi, waitanitsa tiyi. Chingerezi chija chimathera pomwepo. "Komatu achimwene, kunena zoona, zinthu m'chipanimu sizili bwino ayi." Amatchula mayina, amaseka, amapukusa mutu. Mawu akuti "izi n'zapakati pathu, musakalembe" nthawi zina amabwera poyamba, nthawi zina amabwera pakhomo potsazikana, ndipo nthawi zina sabwera n'komwe. Mtolankhani uja akamatsika minibasi pa Ginnery Corner amakhala atanyamula nkhani ziwiri. Imodzi ili m'thumba, m'chojambulira muja, ndipo ndi yozizira. Inayo ili m'mutu, ndipo ikutentha.

Pakapita masiku awiri kapena atatu timamva mawu amene makutu athu anawazolowera: "anandimva molakwika," "apotoza mawu anga," "ifetu timangocheza," "sindinanenepo zimenezo." Pongowamva amakhala ngati ndi kukana kumodzi, koma si kumodzi. Wina akukana tanthauzo la zimene ananena. Wina akuvomera zonse, koma akuti malo ake sanali olembapo. Wina akukana mawu enieniwo. Nkhani ziwiri, ina ya ku London mu 1993 ndi ina ya kuno kwathu mu 2005, zikaikidwa pamphasa imodzi zimaonetsa bwino kutalikirana kwa makanidwe amenewa.

Ya ku London inachitika pa 23 Julayi 1993. A John Major, nduna yaikulu ya dziko la Britain, anali atakhala miyezi yambiri akukokanakokana ndi aphungu a chipani chawo chomwe cha Conservative pa za pangano la Maastricht, lomwe linamanga mgwirizano wa European Union. Dzulo lake boma lawo linali litagonja m'Nyumba ya Malamulo ndi mavoti 324 kwa 316, chifukwa aphungu ena a mbali yawo anavota limodzi ndi otsutsa. A Major anaitanitsa voti yoti aphungu anene ngati akali ndi chikhulupiriro m'boma, n'kuchenjeza kuti akagonjanso dziko lipita ku chisankho. Anapambana ndi mavoti 339 kwa 299. Tsiku lomwelo anakhala pansi ku 10 Downing Street ndi a Michael Brunson, mtolankhani wa za ndale wa ITN. Mafunso atatha, awiriwo anapitiriza kucheza poganiza kuti zipangizo zazima. Pa machezawo panabuka nkhani ya nduna zitatu zosamvera, ndi chifukwa chimene a Major sankazichotsera. Iwo anafotokoza kuti aphungu awo ankaposa otsutsa onse ndi 18 okha, kuti chiphe chambiri chinkachokera kwa anthu amene anachotsedwa pa maudindo ndi amene sanapatsidwepo udindo, ndipo kuti sankafuna kuwonjezera atatu ena pa gulu limenelo. Potchula anthuwo anagwiritsa ntchito mawu otukwana akuti bastards. Nthambo ya mawu inali ikadali yamoyo, ndipo amisiri a BBC anamva n'kujambula zonse. Pa 25 Julayi nyuzipepala ya The Observer inatulutsa nkhaniyo, ndipo Daily Mirror inatsatira ndi mawu a m'tepiyo.

Mwezi womwewo wa Julayi 1993, kuno ku Blantyre, a Aleke Banda anali akuyambitsa nyuzipepala ya The Nation, patangopita masabata ochepa Amalawi atavotera ndale za zipani zambiri pa 14 Juni. Pamene atolankhani a ku London ankakangana za malire a ufulu umene anakhala nawo kwa mibadwo, anzawo a kuno anali akungophunzira kumene kufunsa nduna funso osayang'ana kaye kumbuyo. Patapita zaka pafupifupi 12, mtolankhani wa nyuzipepala yomweyo anadzakhala m'modzi mwa awiri amene nkhani yachiwiri inawagwera.

Nkhaniyo inali ya nyumba. Ku Lilongwe kuli chinyumba cha zipinda pafupifupi 300 chimene a Kamuzu Banda anamangitsa kwa zaka 13, pa ndalama zokwana pafupifupi madola 100 miliyoni a ku America, chomwe lero timachitcha Kamuzu Palace koma pa nthawiyo chinkatchedwa New State House. A Bakili Muluzi anakana kukhalamo, nasankha Sanjika, ndipo Nyumba ya Malamulo ndiyo inkagwiritsa ntchito chinyumbacho. A Bingu wa Mutharika atapambana chisankho cha Meyi 2004 anati likulu la boma ndi Lilongwe, nyumbayo inamangidwira mtsogoleri wa dziko, choncho aphungu aone kolowera. A Mutharika anasamukiramo kumapeto kwa chaka chomwecho. Mu Malichi 2005, BBC ndi mabungwe ena ofalitsa nkhani padziko lonse anatulutsa nkhani yakuti mtsogoleriyo wasiya kugona m'nyumbamo chifukwa cha mizimu yoipa. Nkhaniyo inatchula dzina la Abusa a Malani Mtonga, mlangizi wa pulezidenti pa za chipembedzo, kuti anatsimikiza zimenezi ndi kunena kuti atsogoleri a mipingo apemphedwa kukapempherera nyumbayo. Inatchulanso wothandizira wina amene sanafune kudziwika dzina, yemwe ananena za makoswe amene mtsogoleriyo ankawamva usiku koma osawaona magetsi akayatsidwa.

A Mutharika anali ku Belgium. Atangobwerera kuno anakana mokwiya, kunena kuti sanakumanepo ndi mzukwa ndipo moyo wawo wonse sanaopepo mizukwa. Abusa a Mtonga nawo anakana kuti sananene mawuwo. M'mawa wa pa 15 Malichi 2005 apolisi anagogoda pa makomo awiri mumzinda wa Blantyre. Anatenga a Raphael Tenthani, amene ankalembera BBC, ndi a Mabvuto Banda, a The Nation omwe ankalemberanso Reuters, n'kupita nawo ku likulu la apolisi ku Lilongwe, mtunda wa makilomita oposa 300. Anagona m'chitokosi, n'kutuluka pa belo mawa lake. Mlandu wake unali wofalitsa nkhani yabodza yomwe ingadzetse mantha pakati pa anthu. Wothandizira wina wa a Cassim Chilumpha, wachiwiri kwa pulezidenti, anamangidwanso pa nkhani yomweyo.

Poyamba kufanana kwake nkoonekeratu, ndipo sikuli pa atolankhani ayi, kuli pa atsogoleri awiriwo. Onse anali anthu ozingidwa ndi a pabanja pawo. A Major ankalamulira chipani chimene gawo lake lina linkalirabe a Margaret Thatcher. A Mutharika anali atangotuluka kumene, mu Febuluwale 2005, m'chipani cha UDF chimene chinawaika pampando, n'kuyambitsa DPP, wachiwiri wawo atatsalira uko. A Major ankawerenga aphungu mmodzimmodzi asanalowe m'nyumba yovotera. A Mutharika analibe n'komwe aphungu okwanira oti n'kudalira. Munthu wotere samva nkhani ngati nkhani chabe. Amamva ngati muvi, ndipo asanafunse ngati ndi yoona amayamba wafunsa kuti wauponya ndani. Kumangidwa kwa munthu wa ku ofesi ya a Chilumpha kukusonyeza komwe maso a boma anayang'ana. Ndipo m'nkhani zonse ziwiri, chimene chinapweteka sichinali chinsinsi cha boma, ngati ndalama kapena asilikali. Chinali chithunzi cha mtsogoleri wofooka: uyu akuopa nduna zake, uyo akuopa nyumba yake.

Kusiyana kumayambira pa chimene aliyense anakana. A Major sakanatha kukana mawu, chifukwa dziko lonse linali litawerenga zimene tepi inagwira. Anakana tanthauzo limene atolankhani anawapatsa. Manyuzipepala anathamangira kutchula mayina a nduna zitatuzo, ndipo amene ankamveka kawirikawiri anali a Peter Lilley, a Michael Portillo ndi a John Redwood, ena n'kumatchulanso a Michael Howard. A Major anadzafotokoza m'buku la mbiri yawo la 1999 kuti nambala ya atatu anangoitola, ndipo kuti m'maganizo mwawo munali nduna zakale zimene zinatuluka m'boma n'kuyamba kusokoneza. Abusa a Mtonga sanakane tanthauzo, anakana mawuwo. Choncho ku London funso linali lakuti "ankanena yani?" pamene ku Malawi linali lakuti "kodi zinanenedwa?" Funso loyambalo munthu aliyense wowerenga angathe kuliyesa yekha, poika mawu patsogolo pake n'kuona ngati kufotokoza kwa mwini wake kukulowa. Lachiwirilo wowerenga alibe poligwira. Amangosankha woti amukhulupirire, ndipo kawirikawiri amasankha molingana ndi mbali imene anali kale.

Koma tisafulumire kunena kuti tepi imathetsa mlandu. Tepi ya ku Downing Street inagwira liwu lililonse, komabe sinagwire mayina, chifukwa mayinawo sanatchulidwe. Atolankhani ndiwo anawaikapo, potengera zimene ankadziwa za nduna za boma limenelo. Mwina analondola, ambiri amakhulupirira kuti analondola. Komabe kulondola kwa kuganizira n'kosiyana ndi kulondola kwa kumva, ndipo wowerenga wa m'basi ankalandira zonse ziwiri m'mutu umodzi wa nkhani, osadziwa pamene tepi yalekezera ndi pamene mtolankhani wayambira. Pa mbali imeneyi dandaulo la a Major linali ndi pogwira. Ku Malawi zinali mosemphana: dzina la woyankhula linalipo, udindo wake unalipo, ndipo tanthauzo la mawu olembedwawo silinkasowa womasulira. Chimene chinasowa n'choti mwini dzinayo aime pa mawuwo kunja kutacha.

Palinso nkhani ya chilolezo, ndipo apa nkhani ziwirizi zimakhala ngati zasinthana zovala. A Major sanapatse aliyense chilolezo chofalitsa machezawo. A Brunson, amene anali nawo m'chipindamo, sanawaulutse pa ITN. Chinsinsi chinathawira pa nthambo, n'kudutsa m'manja mwa anthu amene a Major sankadziwa kuti akumvetsera. Kumeneko kunali umboni wopanda chilolezo. Kuno, kutchula mlangizi wa pulezidenti ndi dzina lake kukutanthauza kuti atolankhaniwo anatenga mawuwo ngati operekedwa poyera, ndi munthu wodziwa amene akuyankhula naye. Malinga ndi mbali yawo, chilolezo chinalipo, koma umboni wake unasanduka wokanika mwini wake atabwerera m'mbuyo. Funso lakuti cholakwa chachikulu n'chiti, kufalitsa zoona zimene unazimva mobera kapena kufalitsa zimene unapatsidwa koma wokupatsayo angathe kuzikana mawa, ndalisinkhasinkha nthawi yaitali ndipo silinandipatse yankho limodzi. Njira yoyamba imateteza wowerenga koma imapha kukhulupirirana. Yachiwiri imasunga ulemu wa ntchito koma imasiya mtolankhani pamtetete.

Makolo anati nkhanga zidapangana kusanapse, ndipo m'zipinda zolembera nkhani mwambi umenewu ndi lamulo lenileni: pangano lakuti izi n'zolemba, izi n'zongodziwitsa, izi mulembe koma musanditchule, limayenera kumangidwa munthu asanatsegule pakamwa. Chovuta n'chakuti kucheza kwathu sikuyenda motero. Ndani angadule mawu munthu wamkulu amene wakuitanitsira tiyi, n'kumufunsa kuti, "Pepani bwana, kodi izi tili pa ntchito kapena ayi?" Ukafunsa, pakamwa paja patsekeka. Ukapanda kufunsa, wanyamula katundu wopanda mwini. Ku London vuto limeneli linabisika chifukwa a Major ndi a Brunson onse ankadziwa, popanda kuuzana, kuti ntchito yatha. Kuno malire amenewa ndi ofewa kwambiri, chifukwa Blantyre ndi mudzi. Wandale ndi mtolankhani amakumana ku maliro ku Chilomoni, amapemphera tchalitchi chimodzi, ana awo amaphunzira sukulu imodzi, ndipo Loweruka amakhala moyandikana pa bwalo la Kamuzu kuonera mpira. Mawu onenedwa pamalo amenewa sakhala ndi chizindikiro pamphumi.

Kusiyana kwina kumene sikukambidwa kawirikawiri n'kwa mwini nkhani. A Major ankanena za mumtima mwawo, ndi pakamwa pawo. Abusa a Mtonga, m'mene nkhaniyo inalembedwera, ankanena za kuchipinda kwa munthu wina, ndipo wothandizira wosatchulidwa dzina uja ankanena zimene munthu winayo ankamva m'thupi mwake usiku. Kandimverere adakanena za m'maluwa. Nkhani ikadutsa pakamwa pawiri isanafike pa pepala, mpata woti ikhote umakula, ngakhale aliyense pa mzerewo atakhala woona mtima. Apa a Mutharika anali ndi ufulu wonse wodandaula: anali kunja kwa dziko, ndipo dziko lapansi linkawerenga za tulo tawo. Komanso tikumbukire mbali inayo. Mlangizi wa pulezidenti si munthu wa pamsika. Ntchito yake ndi kuyankhula za dera lake, ndipo nkhani ya mapemphero ku nyumba ya boma inali ya dera lake ndendende. Mtolankhani amene angakayikire mawu a mlangizi wotchulidwa dzina pa nkhani ya udindo wake, adzakhulupirira a yani? Kwathu mfumu imayankhula kudzera mwa nduna zake, ndipo nduna ikanena, anthu amati yanena mfumu. Mwambo umenewu umapatsa nduna ulemu, koma umaipatsanso mantha, chifukwa mfumu ikakwiya woyamba kufuna pothawira ndi nduna yomweyo.

Ndiye pali chiyankhulo, chomwe kwa ine ndi pamene nkhani ziwirizi zimakomera kuziyang'ana limodzi. Banja likapeza nyumba ya lendi ku Ndirande, ku Bangwe kapena ku Zingwangwa, si zachilendo kuitana abusa, akuluampingo kapena amayi a mvano kuti adzapempherere nyumbayo anthu asanagonemo. Amalowa chipinda ndi chipinda, amaimba, amagwada pasimenti. Palibe woyandikana nawo amene amaseka. Tili ndi mawu osiyanasiyana pa zinthu zimenezi: mizimu, mizimu yoipa, ziwanda, mizukwa, ndipo aliwonse ali ndi kulemera kwake. Nkhani ya mu 2005 itawoloka nyanja, zonsezi zinapanikizidwa m'liwu limodzi la Chingerezi limene kwa owerenga a ku Ulaya ndi la nthano za ana ndi mafilimu oopseza. Chimene kuno chikanamveka ngati nkhani ya mapemphero, uko chinasanduka choseketsa cha patsamba lomaliza, chokhudza mtsogoleri wa ku Africa, katswiri wa za chuma, wothawa mizukwa. Ndikumvetsa chifukwa chimene zinapwetekera.

Liwu la a Major nalo likawoloka nyanja kubwera kuno limasintha kulemera, koma mosemphana. Kwawo ndi chitukwano cha anthu okwiya, chonena munthu wachinyengo kapena wovuta, ndipo palibe amene anaganiza kuti akunena za makolo a ndunazo. Litembenuzireni m'Chichewa, munene kuti mtsogoleri watchula nduna zake kuti ana apathengo, muone m'mene nkhope za anthu zisinthire. Kuno mawu amenewo amadutsa munthuyo n'kukagwa pa mayi ake, ndipo ndi nkhani yofika kwa ankhoswe ndi kwa amfumu. Nkhani yathu inapepuka popita uko mpaka kukhala nthabwala. Yawo ikanalemera pobwera kuno mpaka kukhala mlandu. Mtolankhani wa ku Blantyre amasenza vuto limeneli tsiku ndi tsiku, chifukwa mafunso amachitika m'Chingerezi, macheza m'Chichewa, ndipo nyuzipepala imatuluka m'Chingerezi. Wandale akamati "apotoza mawu anga," nthawi zina akunama, koma nthawi zina akuwerengadi chiganizo chimene sanachinenepo m'chiyankhulo chimenecho.

Kodi nkhanizi zinali zofunika kuti anthu azidziwe? Ya ku London inaulula kuti boma limene pagulu linkati ndi logwirizana linali long'ambika pakati, ndipo zotsatira zake zinatsimikiza: mu Juni 1995 a Major anatula pansi utsogoleri wa chipani n'kuuza owatsutsa kuti apikisane nawo, ndipo amene anaimirira anali a John Redwood, mmodzi wa otchulidwa aja. A Major anapambana ndi mavoti 218 kwa 89, koma chipanicho chinagonja koopsa pa chisankho cha 1997. Ya kuno, kwa woiyang'ana mwachangu, ndi miseche chabe. Koma nyumbayo inamangidwa ndi ndalama za anthu, aphungu anali atangouzidwa kuti asamuke chifukwa cha iyo, ndipo Nyumba ya Malamulo sinakhale ndi malo akeake mpaka 2010, pamene inatsegulidwa ija inamangidwa ndi thandizo la China. Ngati mtsogoleri sankagonamo, anthu anali ndi chifukwa chofunsira. Komabe za makoswe zija, zochokera kwa munthu wopanda dzina, zinali za mtundu wina. Zinakometsa nkhani kuposa m'mene zinaithandizira, ndipo ndizo zimene dziko linakumbukira.

Pa chinthu chimodzi sindingathe kuima pakati. Ku London palibe mtolankhani kapena mmisiri amene anagona m'chitokosi. A Major anakwiya, anachita manyazi, nadikira kudzafotokoza mbali yawo m'buku. Ku Blantyre apolisi anafika pakhomo m'mawa. Lamulo limene linagwiritsidwa ntchito, gawo 60 la malamulo a milandu, ndi la m'buku limene tinatengera kwa atsamunda a ku Britain komweko, pamene gawo 36 la malamulo aakulu a dziko lino limanena momveka kuti atolankhani ali ndi ufulu wofalitsa nkhani m'dziko muno ndi kunja. Ngakhale titati nkhaniyo inali yolakwika kuyambira mutu mpaka mchira, njira zinalipo: kukana pagulu, kumene a Mutharika anachita ndipo dziko lonse linamva, kufuna kuti nkhaniyo ikonzedwe, kukasuma ku khoti ku Chichiri ngati munthu wina aliyense woipitsidwa mbiri. Kumanga kunachita zosiyana ndi zimene kunafuna. Nkhani imene ikanafa pa sabata imodzi inapeza moyo wachiwiri, ndipo mabungwe oteteza atolankhani padziko lonse anailemba m'mabuku awo. Chinanso n'chakuti kumanga kunawononga kukana kwa Abusa a Mtonga. Munthu akakana mawu pamene apolisi ali kale pamsewu, ngakhale atakhala kuti akunena zoona, womumva amayamba kuganiza za mantha.

Chilungamo chifuna tinenenso kuti mabwalo apakati sanali ofanana. Britain inali ndi bungwe lolandira madandaulo okhudza manyuzipepala, la Press Complaints Commission, kuyambira 1991, ngakhale kuti nalo linadzaoneka kufooka kwake. Kuno bungwe la Media Council of Malawi linali litagona pa zaka zimenezo, ndipo linadzadzutsidwa mu 2007. Pakati pa kukwiya kwa wolamula ndi galimoto ya apolisi panalibe mkhalapakati wamphamvu woti anene kuti, "Tiyeni tikhale pansi, aliyense abweretse zimene ali nazo."

Masiku ano foni iliyonse ndi chojambulira, ndipo wina angaganize kuti Blantyre yafanana ndi London ya 1993: palibenso wokana mawu ake. Koma taonani zimene zinachitika mu 2022. Mu Januwale chaka chimenecho anthu anagawana pa WhatsApp ndi Facebook macheza a pafoni a mayi Martha Chizuma, amene ankatsogolera bungwe lothana ndi ziphuphu la ACB, ojambulidwa iwo osadziwa. Unali umboni wopanda chilolezo, ngati wa ku Downing Street uja. Pulezidenti wa nthawiyo, a Lazarus Chakwera, anawadzudzula pagulu koma anawasiya pa udindo. Komabe pa 6 Disembala apolisi anawatenga mbandakucha kunyumba kwawo ku Lilongwe, n'kupita nawo ku Namitete, chifukwa cha mawu a m'tepiyo. Mu Epulo chaka chomwecho apolisi ku Blantyre anagwira a Gregory Gondwe, mtolankhani wa Platform for Investigative Journalism, n'kuwalanda foni ndi kompyuta, pofuna kudziwa amene anawapatsa chikalata. Mu 2005 anamangidwa olemba mawu. Mu 2022 anamangidwa wonena mawu, ndipo chipangizo chimene chimateteza mtolankhani kwa wokana mawu chinaoneka kuti chingathenso kupereka m'manja mwa apolisi munthu amene anamukhulupirira. Zinthu zina zasuntha ndithu: aphungu anachotsa milandu ya kuukira boma ndi mawu mu Novembala 2022, ndipo lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani za boma linayamba kugwira ntchito mu Seputembala 2020. Koma wandale wa ku Limbe lero, asanayambe kucheza, amayang'ana kaye foni ili patebulo, ndipo ena amapempha kuti itembenuzidwe kapena itsale m'galimoto. Macheza a tiyi aja akucheperachepera, ndipo m'macheza amenewo ndi momwe mtolankhani ankaphunzira zimene sadzalemba koma zimene zimamuthandiza kumvetsa zimene akulemba.

Nkhani ya ku London inapeza mathero ake patapita zaka 20. Mu Okutobala 2013, pa chakudya chamasana cha atolankhani a ku Nyumba ya Malamulo, a Major, atapuma kale pa ndale, anabwerera ku tsiku lija. Anavomera kuti kutchula anzawo atatu ndi mawu amene aja kunali kosakhululukika, nawonjezera kuti chodzitetezera chawo chokha n'chakuti zinali zoona. Anthu anaseka. Amene ankakumbukira za m'buku la 1999 anaona kuti kufotokoza kwa tsikulo sikunkagwirizana kwenikweni ndi kwakale kuja, koma mkwiyo unali utapola, ndipo mwini mawu anali moyo, womasuka kunena.

Ya kuno sinafike pa tebulo lotere. Atolankhani awiri aja anabwerera ku ntchito yawo, ndipo a Tenthani anapitiriza kulemba danga lawo la Muckraking, limene anthu ambiri ankayamba nalo kuwerenga nyuzipepala Lamulungu. A Mutharika anapitiriza kukhala m'nyumba ija, napambananso chisankho cha 2009, ndipo anamwalira pa 5 Epulo 2012. A Tenthani anamwalira pa ngozi ya galimoto mu Meyi 2015. Mkangano wa Malichi 2005 unangozilala, ndipo mukaukumbutsa lero pakati pa atolankhani akale pa Ginnery Corner kapena ku Chichiri, wina amayamba ndi za abusa, wina ndi za makoswe, wina ndi kugogoda kwa apolisi m'mawa uja.